Mpando wa F 14

Tikiti ija inakhala pa chitseko cha firiji masabata atatu, itapanidwa ndi kamaginito kooneka ngati nthochi. Edna ankaiwerenga m'mawa uliwonse akamatenga mkaka wa tiyi, ngati kuti mawu ake akanasintha usiku: Loweruka, 3 koloko masana, mzere F, mpando 14. Amene anaimata pamenepo anali mwana wake Tiffany, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, amene anasankhidwa kukayimba ndi kwaya yaikulu ya anthu mazana awiri m'nyumba yakale ya zoyimbayimba pakati pa mzinda wa Birmingham. Tsiku loimatalo mwanayo sanachuluke zonena.

"If you're coming, come, Mum. If you're not, just say."

"Ndibwera, mwanawe. Ndanena kuti ndibwera."

"You said that last time." Anatsegula firiji, n'kuitsekanso osatengamo kanthu. "This is the last time I'm asking. And no nthungululu. Promise."

Edna analonjeza. Akanachitanso bwanji? Mlandu anali nawo, ndipo unali wa mitu iwiri.

Mutu woyamba unali wa nthungululuzo. Tiffany anafika ku Walsall, pafupi ndi Birmingham, kuchokera ku Area 25, komwe anatsala ndi azakhali ake chaka chathunthu mayi ake atabwera kuno kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Bambo ake anamwalira iye akadali wamng'ono. Teremu yake yoyamba yomweyo anapambana masamu m'kalasi. Pa tsiku lopereka mphoto, dzina lake litatchulidwa, Edna anachita zomwe mayi aliyense wa kwathu amachita: anaimirira, dzanja pakamwa, n'kumasula lilime. Tsono nthungululu za Edna si zamasewera. Kwawo ku Nathenje ankachita kumuitanira ku maukwati a anthu osawadziwa n'komwe. Holo ya sukulu inangoti zii, mphunzitsi wamkulu anagwetsa envulopu, ndipo kuyambira tsiku limenelo ana anzake anamupatsa Tiffany dzina loti Ambulansi. Akamadutsa pakhonde ankamulirira ngati galimoto ya odwala. Mwanayo anapinda Chichewa chake n'kuchiika pansi pa sutikesi pamodzi ndi zitenje. Kumva ankamva zonse, ngakhale miseche ya mayi ake ya pa foni, koma kuyankha kunali kwa Chingerezi basi.

Mutu wachiwiri unali woipa kuposa apo. Katatu konse kwaya ya achinyamata imene Tiffany amayimbamo inayimba, ndipo katatu konse Edna sanapezekeko. Koyamba anali pa shifiti. Kachiwiri mnzake wina sanabwere kuntchito, manijala n'kumupempha kuti agwirire m'malo mwake, ndipo munthu amene viza yake ili yomangiriridwa ku ntchito sakana pempho la manijala mwachisawawa. Kachitatu anagona. Anangoti akhale pansi mphindi zisanu avule nsapato, n'kudzidzimuka kunja kutada, mwana atabwerako kale ndipo atadzitsekera kuchipinda. Kachitatuka kankamuwawa Edna kuposa zonse, chifukwa panalibe woti n'kumuloza chala.

Ulendo uno anakonzeka ngati wopita kunkhondo. Loweruka analipeza posinthana ndi mnzake wa ku Chipata, yemwe sanamumvere chisoni ngakhale pang'ono: anamulanda tsiku la Khirisimasi. Tsitsi la Tiffany analiluka yekha Lachinayi, mizere isanu ndi itatu yopita kumbuyo, mwana atakhala pansi pakati pa miyendo yake, chete, maso pa foni. Ndiye panatsala za chovala, ndipo apa ndi pamene Satana analowera. Edna anaganiza kuti m'nyumba ya mtundu umenewo sangalowemo ndi jekete yomwe amakwera nayo basi ya m'mamawa. Anatulutsa chitenje chake cha buluu chamaluwa achikasu, chimene anagula mumsika wa Lilongwe tsiku lotsanzikana ndi abale, n'kupita nacho ku Tipton kwa Sharifa, mayi wa ku Mangochi amene amasamalira okalamba ngati anzake onse, koma akaweruka amasoka pa mashini yake pabalaza.

Luso Sharifa ali nalo, koma iye ndi wotchi sadziwana. Loweruka lija Tiffany analawirira m'mawa kukakonzekera ndi anzake. Edna atafika ku Tipton 1 koloko, anapeza diresi ili pa mashini, mkono umodzi ulipo, wina ukadali patebulo.

"Achemwali, khalani pansi, musandipanikize ngati ma-inspector a ku care home," anatero Sharifa, ulusi uli pakamwa. "Imwani tiyi."

"Pa tikiti alemba three koloko, Sharifa."

"Three koloko yapapepala imeneyo! Mwayamba liti kukhulupirira pepala? Ukwati wa kwa a Gray uja analemba thwelofu, mkwatibwi analowa nthawi yanji? Ayamba ndi pemphero, kenako MC, kenako ma-speech a guest of honour. Ndiponso mwana sanakuuzeni yekha kuti kwaya iyimba kumapeto?"

Zinali zoona. Tiffany anali atanena kuti nyimboyo, imene eni ake amaitcha symphony, ili ndi zigawo zinayi, ndipo kwaya imayimba m'chigawo chomaliza chokha. Edna anawerengera mumtima: ngati kwaya ndi yakumapeto, kuchedwa ndi theka la ola si kuchedwa. Anamwa tiyi. Anadyanso mandasi awiri. Tinene zoona, Edna sanachedwepo ku shifiti ngakhale mphindi imodzi zaka zonse zimene wakhala kuno. Koma m'mutu mwake munali mawotchi awiri, ina ya ntchito, ina ya zisangalalo, ndipo tsiku limenelo anayang'ana yolakwika.

Nthawi itakwana hafu pasiti thu, ulusi unakodwa m'mashini. Mkono wachiwiri uja Sharifa anangoulumikiza ndi mapini, akulumbira kuti palibe angazindikire. Edna anathamanga m'mbali mwa ngalande kulowera kusiteshoni, sitima n'kunyamuka akuiona. Yotsatira inamufikitsa mumzinda 3 koloko itapitirira kale, ndipo anachita kudzipanikiza pakati pa khamu la anthu ogula zinthu za Khirisimasi, akupepesa kumanja ndi kumanzere.

Nyumbayo inali ya miyala yoda ndi zaka, nsanamira zake zonenepa zoti anthu atatu sangazikumbatire. Mkati munali kapeti yofiira, makoma opaka golide, ndi zithunzi za azimayi oyimba akalekale ovala madiresi okhwekhwereza pansi. Koma anthu munalibe. Munalibe ngakhale wochedwa mnzake mmodzi woti aseke naye. Zitseko zonse zinali zotseka, ndipo kuseri kwake kunkamveka mavayolini chapatali.

Mayi wina wachizungu wa yunifolomu yakuda anayang'ana tikiti, n'kupukusa mutu mwachisoni. Anamufotokozera monong'ona kuti nyimbo inayamba 3 koloko yeniyeniyo, ndipo ilibe nthawi yopuma pakati. Mzere F uli kutsogolo kwenikweni, mpando 14 uli pakati pa mzerewo, ndiye kuti akafikepo anayenera kuimiritsa anthu khumi ndi atatu nyimbo ili mkati. Zimenezo sizikanatheka. Chomwe akanamuchitira n'kumulowetsa pa nsanja ya pamwamba penipeni chigawo choyamba chikatha.

"Mwana wanga ali m'kwayamo," anatero Edna m'Chingerezi chake cha kuntchito, chija cholankhulira ndi achibale a odwala. "Akundiyembekezera pa mpando umenewo."

Mayiyo anamugwira pamkono pomutonthoza, pini n'kumubaya chala, koma lamulo silinasinthe.

Masitepe ake anali osatha. Edna anafika pamwamba akupuma mwawefuwefu, n'kukhala pa mpando womaliza, pafupi ndi denga, moyang'anizana ndi nyale yaikulu ya magalasi yolendewera pakati pa holo. Pansi, kutali ngati pansi pa chitsime, panali oyimba zing'wenyeng'wenye pafupifupi zana, ndi bambo wa kandodo wowatsogolera, atawapatsa msana anthu. Koma chimene chinamuumitsa thupi chinali kumbuyo kwawo. Kwaya sinali kuseri kudikira nthawi yake monga iye ankaganizira. Inali itakhala kale pamenepo, mizeremizere, onse atavala zakuda, manja pamaondo, nkhope zitayang'ana anthu. Anali atakhala choncho kuyambira 3 koloko, ndipo anayenera kukhalabe choncho ola lathunthu, opanda chochita china koma kuona amene abwera ndi amene sanabwere.

Sanavutike kumupeza mwana wake. Mzere wakutsogolo, wachitatu kuchokera kumanzere, tsitsi la mizere isanu ndi itatu. Kenako anasuzumira pansi n'kuwerenga mizere ya anthu: A, B, C, D, E. Holo yonse inali yodzaza, mitu yokhayokha, koma pa mzere F panali kampata kofiira kamodzi, ngati pomwe pachoka dzino.

Chigawo chachiwiri chitatha, zing'wenyeng'wenye zonse zitangoti zii, manja a Edna anadzuka okha kuti awombe. Asanakumane, dzanja lina louma linagwira lake. Anali bambo wachikulire amene anakhala pambali pake, wa tayi wakale ndi kamakina komvera m'khutu.

"Ayi, mayi, osati pano," ananong'ona bamboyo m'Chingerezi. "Muziyang'ana manja a mkulu wa kandodoyo. Mpaka nyimbo yonse ithe, manja ake atsike, sitiwomba. Ngakhale kukhale chete chotani."

Edna anabweza manja pamiyendo, manyazi atamugwira. Pomwepo anthu zikwi ziwiri anatsokomola nthawi imodzi, ngati kuti chifuwa anachisungira pamenepo. Anadabwa nawo anthu amenewa: kuwomba m'manja n'koletsedwa, koma kutsokomola ayi.

Pa kamphindi kameneko bamboyo anamuuza kuti iwo ndi a Tyler, achokera ku Hanley, komwe anagwira ntchito youmba mbale ndi makapu zaka makumi anayi. Malemu akazi awo ankayimba m'kwaya yomweyi. Edna analoza pansi n'kunena kuti wachitatu kuchokera kumanzere ndi wake. A Tyler anavula timagalasi toonera patali timene tinali m'khosi mwawo n'kumupatsa.

Nkhope ya Tiffany inadumphira pafupi, moti Edna akanatha kuwerenga nsidze. Maso a mwanayo sanali pa bambo wa kandodo. Anali pa mzere F. Ankayang'ana pampando, n'kuyang'ana kuchitseko, n'kubwereranso pampando. Chigawo chachitatu chitayamba, chodekha ndi chachitali, analeka zoyang'ana kuchitseko. Analuma mlomo wa m'munsi, chibwano n'kuchikweza. Edna ankaidziwa nkhope imeneyo. Ndi imene mwanayu anavala pa bwalo la ndege ku Lumbadzi, pamene mayi ake ankamuuza kuti miyezi itatu yokha ndidzakutenga, miyezi itatu imene inasanduka chaka. Tsiku lija Tiffany sanalire. Akanalira bwenzi zili bwino.

Edna anakweza dzanja. Anagwedeza pepala la pulogalamu pamwamba pa mutu wake.

"Sangakuoneni," ananong'ona a Tyler. "Magetsi amawathobwa m'maso. Kuno kwa ife kumangooneka mdima. Zaka makumi atatu ndinakhala pampando uno, mkazi wanga sanandionepo ngakhale kamodzi."

Foni nayo sikanathandiza, chifukwa ya Tiffany inali m'chikwama kuseri. Edna anangokhala, mtima ukumuwawa, n'kumadzitukwana chamumtima. Diresi! Tiyi! Mandasi awiri! Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo lero kwawukwawu wake anali ameneyu, kuonerera mwana wake akutaya mtima pang'onopang'ono, iye ali m'chipinda chomwecho. Za chigawo chachitatu sanamvepo kanthu. Anthu amati chinali chokoma.

Chigawo chomaliza chinayamba ndi ng'oma zazikulu ndi malipenga, phokoso loti Edna analimva m'mimba. Kenako zonse zinatsika, zinatsika, mpaka kutsala kachitoliro kamodzi. Bambo wa kandodo anatukula chikhatho, ndipo anthu mazana awiri anaimirira nthawi imodzi, popanda mpando ndi umodzi womwe kulira. Edna ankayembekezera kuti aphulika ngati kwaya ya pa msonkhano wa chitsitsimutso. Koma anayamba motsitsa, motsitsa kwambiri, ngati amayi a m'nyumba ya maliro akamayambitsa nyimbo mbandakucha, ena akadali mtulo. Thupi lake lonse linachita tsemwe.

Mawu ake sankawamva, anali a chilankhulo china cha ku Ulaya konkuno, koma nyimboyo ankaidziwa! Ndi ija Tiffany ankayimba kuseri kwa chitseko cha bafa miyezi itatu yonse, madzi ali chotsegulira kuti mayi asamve. Edna ankaima pakhonde ndi dengu la zochapa n'kumamvetsera mwakabisira. Kuntchito ankaing'ung'udza posambitsa agogo amene amawasamalira, mpaka mmodzi anayamba kuifunsa m'mawa uliwonse. Sankadziwa kuti ankangonyamula kamlaza kamodzi ka mkeka waukulu chonchi. Tsopano kamlaza kaja kanalukana ndi ena onse, amuna a besi pansi, amayi pakati, ana pamwamba, ndipo mawu a mwana wake anali momwemo.

Anakwezanso timagalasi. Tiffany ankayimba bwino lomwe, msana uli chilili, pakamwa potsegula monga anamuphunzitsira. Koma nkhope inali gwa. Ankayimba ngati munthu amene watsimikiza kumaliza ntchito yake, kenako asadzapemphenso kanthu kwa wina aliyense.

Nyimbo inakwera. Limba lalikulu la m'khoma linalowerera, mipando n'kumanjenjemera, malipenga, ng'oma, makosi mazana awiri, zonse pamodzi. Nthungululu zinafika pakhosi pa Edna zokha, ngati mkaka ukamawira. Anazimeza. Analuma ngodya ya mpango wake. Mawu omaliza anatalika, anatalika, kenako anaduka. Manja a bambo wa kandodo anali m'mwamba. Anthu zikwi ziwiri sanapume, ndipo panalibe ngakhale wotsokomola. Misozi inatsika m'masaya mwa Edna, ndipo kwa nthawi yoyamba anamvetsa kuti anthu awa sakhala chete chifukwa chouma mtima. Nawonso chinali chitawafika pakhosi.

Manja aja anatsika pang'onopang'ono. Ndiye kunali phokoso! Anthu omwe aja otsokomola mwaulemu anaimirira, ena kuponda pansi, ena kuyimba mluzu, a Tyler n'kumakuwa ndi mawu awo osasa. Kwaya yonse inamwetulira. Mtsikana wa pambali pa Tiffany ankabayibitsa makolo ake ndi zala mobisa. Tiffany yekha anangoima, buku lake pachifuwa, maso pansi. Sankayang'ananso ngakhale mzere F.

Edna anawomba m'manja mpaka zikhatho kutentha, koma manja ake anali awiri pakati pa zikwi zinayi. Anaitana, "Tifa!" Dzinalo linamira lisanafike ngakhale pa mzere wachiwiri. Anadziwa kuti akatsika n'kukanena kuti ndinalipo, ndinali pamwamba, mwanayo akangoti, "Okay, Mum," monga mmene amayankhira zonse zimene sazikhulupirira. Mpando wopanda munthu anauona yekha ndi maso ake kwa ola ndi theka, ndipo mawu sakanaudzaza. Malonjezo anali awiri, lobwera ndi lokhala chete, koma kusunga lachiwiri kunali kukwirira loyamba. Bola andikwiyire, anatero mumtima, koma akwiye akudziwa kuti ndinabwera.

Bambo wa kandodo anatembenukira kwa ana a m'kwaya n'kuwaloza kuti alandire ulemu wawo paokha. Edna anabweza timagalasi kwa eni ake. Anaimirira, anakoka mpweya, dzanja pakamwa.

"Lululululululu!"

Anthu amene anamanga nyumba imeneyo kalekale anaimanga kuti mawu a mayi mmodzi azimveka ngodya zonse popanda chimkuzamawu. Sanadziwe kuti akumangira Edna wa ku Nathenje. Nthungululu zinagunda denga la golide, zinazungulira nyale yaikulu ija, n'kutsikira pa siteji pamwamba pa manja onse owomba. Mitu inatembenuka. A Tyler anagwira kamakina kawo ka m'khutu, kamene kanayamba kulira kokha. Mapini awiri anathothoka, mkono wa diresi n'kulendewera.

Mutu wa Tiffany unadzuka ngati wa kamwana ka mbuzi kamva make. Sanafunefune. Anayang'ana molunjika kumwamba, kumdima kuja. A Tyler anamukankhira Edna timagalasi m'manja. Poyamba nkhope ya mwanayo inali ya mantha, kukamwa yasa. Kenako anaibisa ndi buku. Mapewa ake ankagwedezeka, ndipo mtima wa Edna unagwa, poganiza kuti wabwezeretsa dzina la Ambulansi pamaso pa mzinda wonse. Koma buku litatsika, mwanayo anali akulira ndi kuseka nthawi imodzi, akupukusa mutu ngati mayi amene watopa ndi mwana wosamva. Anakweza dzanja pang'ono n'kuloza kumdimako ndi chala chimodzi, kutanthauza kuti ndakumvani, zakwana.

Kwa Edna zinali zisanakwane. Anawonjezera kachiwiri. Ndipo penapake pansi, mayi wina wosamudziwa, kaya wa ku Zimbabwe kaya wa ku Somalia, anayankha ndi zake.

Panja kunkawaza mvula ya kuno, ija yosaoneka koma yonyowetsa. Edna anadikira pa khomo lakumbuyo lotulukira oyimba, dzanja litagwira mkono wa diresi kuti usagwe. A Tyler anatsanzika kuthamangira sitima, atamuuza kuti khutu lawo lakumanzere, limene madokotala analilephera, lero lamva.

Tiffany anatuluka pakati pa anzake. Mayi wina wa m'kwaya, wa imvi, ankafunsa mokweza kuti kodi mfuu yodabwitsa ija inali ya ndani. Edna anayang'ana pansi, kukonzekera kukanidwa.

"That was my mum," anatero Tiffany. Sananong'one.

Anzake atapita, anaima pamaso pa mayi ake, manja m'matumba a jekete.

"You promised."

"Ndinalonjeza, mwanangu. Ndalakwa."

"Munachedwa."

Edna anadzidzimuka. Liwu limenelo linatuluka ndi fungo la m'sutikesi, koma linali Chichewa chenicheni cha ku Area 25. Anaopa kulichitira chidwi, kuti lingathawenso.

"Ndinachedwa. Ndinali kwa anti Sharifa, diresi iyi..." Anasiyira pomwepo. "Ayi. Ndinachedwa ndekha. Palibe anandimanga miyendo."

"Ndinayang'ana mpando uja the whole time, Mum. The whole time." 

"Ndinakuona. Agogo ena anandibwereka magalasi. Ndinakuona kuyambira chigawo chachiwiri, ndipo kuyimba kwako konse ndakumva. Paja munayamba motsitsa paja..." Anang'ung'udza kamlaza kake kaja, pomwepo pamsewu, mvula ikuwaza.

Tiffany anatong'ola maso. "How do you know my part?"

"Chitseko cha bafa lathu ndi chopyapyala, mwanawe."

Mwanayo anaseka, n'kupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Kenako anaona mkono wa diresi. Anausa moyo, anazula pini imodzi mwa zotsalazo, n'kuyamba kuulumikiza bwinobwino paphewa pa mayi ake.

"Mu Malichi tiyimbanso," anatero, maso ali pa pini. "Three koloko ndi three koloko, amayi. Osati ya anti Sharifa."

Edna sanayembekezere kuti adzapemphedwanso.

"Ndidzafika wani koloko. Ndidzasesa ndi holo yomwe." Anazengereza pang'ono. "Nanga nthungululu zijazi?"

Tiffany anaganiza, akuwongola nsalu ndi chala.

"Manja akatsika," anatero. "Kamodzi kokha."

"Kawiri."

Mwanayo anangokolowetsa dzanja lake pa mkono wa mayi ake, womwe uja wa mapini, ndipo anatsetsereka limodzi kulowera kusiteshoni.